Sindilira Nthochi

Tsiku limene anaika nthochi m'manda m'malo mwa mwamuna wanga, ine ndinali ku chigayo. Sindinachite kuzemba ayi. Ndinasenza chimanga chimene anatipatsa kukampu, n'kudutsa pakati pa msewu anthu akuona, ndipo aliyense wondifunsa ndinamuuza kuti ndikukagayitsa. Mpaka lero ku Mauwa kuli anthu amene amandiyankha moni ndi mphuno chifukwa cha tsiku limenelo.

A Gregorio anapita ndi madzi m'mawa wina wa mu Malichi, chaka cha namondwe Freddy. Mvula inali itagwa masiku atatu osapuma. Titamva phiri likugunda tinathawira kumtunda, ine, iwowo ndi mwana wathu Tawina, ndipo titafika pabwino bamboyo anakumbukira kuti mbuzi zatsala zomangirira m'khola. Ndinawagwira malaya. Anati abwera pompano. Mbuzizo anazimasuladi, zonse zinayi zinapulumuka, zilipo ndipo zaswana. Iwo sitinawaonenso, ngakhale nsapato yawo.

Amuna anakumba m'matope milungu iwiri mpaka makasu kuguluka. Kenako a Kalinde, amalume awo a Gregorio, amene ndi eni mbumba kuchimuna, anati titsate mwambo. Munthu akasowa m'madzi amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda ngati ndi mwini wakeyo, kuti anthu alire atsirize. Ine ndinati mwamuna amene ndinakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sanali nthochi. Anali ndi chipsera pabondo, ankaliza mkonono, ankadana ndi therere. Ngati afuna ndilire andibweretsere iyeyo.

Chaka chinatha, china n'kufika pakati. Mu Julaye a Kalinde anatulukira kwathu pa njinga atavala jekete ya kutchalitchi. Mpando anaukana, anakhala pamwala.

"Amake Tawina, tagwirizana zomanga chiliza. Tidzavundukula Loweruka lachiwiri la Seputembala. Ansembe tawauza kale."

"Chiliza cha ndani, amalume?"

"Musayambe."

"Ndikungofunsa. Mukalembapo dzina la ndani?"

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Tsiku loika munatichititsa manyazi, tinapirira poti chisoni chimapengetsa. Ulendo uno mukapanda kubwera, inuyo ndi mwanayu, ubale wathera pomwepo. Akadzakwatiwa asadzatiitane, akadzadwala asadzatiuze. Ndipo kwa agogo ake asadzapondenso."

Tawina anali pakhomo akusankha nandolo, ndipo anamva zonse. Mwanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo Lamulungu lililonse akatuluka Misa ankapita kwa agogo akewo, a Margret, amayi awo a Gregorio, kukawatungira madzi ndi kuwamvera madandaulo a msana. Kumeneko n'kumene kunatsala anthu oseka ngati bambo ake. A Kalinde ankadziwa pomenya, ndipo anamenya pomwepo. Ndinawada tsiku limenelo, sindibisa.

Atapita, Tawina anatenga kope lake la sukulu n'kundionetsa mapu amene anajambula yekha. Anayendetsa chala kuchokera kwathu: timitsinje tathu kukathira mu Ruo, Ruo mu Shire, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja yamchere ku Mozambiki.

"Ngati ababa anapita ndi madzi, ndiye kuti anadutsa umu," anatero.

Ndinakumbukira kuti pa wailesi ankati chimphepo chija chinatulukira m'nyanja yomweyo, cha ku Quelimane. Ndiye kuti nyanjayo inatumiza mvula kudzatenga munthu wanga, n'kumulandira yokha, ine anthu n'kumandiuza kuti ndikagwade pa nthochi. Ndinatseka kopelo n'kunena kuti tipita. Ndikaione nyanjayo ndi maso angawa, ndikailankhule, kenako ndidzadziwa chowayankha a Kalinde.

Achimwene anga a Frackson ali ndi kagalimoto ka takisi koyenda pakati pa Limbe ndi Chiradzulu, ndipo anafikapo ku Mocuba atanyamula amalonda. Nditawauza anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, kunyanja kumapita azungu ndi mabwana a ku Namiwawa. Mukagona kuti?"

"Mu tenti."

"Tenti yake iti?"

"Yomwe ija."

Anasiya kuseka. Tenti yomwe ija ndi imene tinalandira kukampu, yoyera, yokhala ndi zilembo zabuluu za bungwe limene linatipatsa. Tinagonamo miyezi isanu pabwalo la sukulu, kenako miyezi ina itatu pamalo pathu tikuumba njerwa. Anzanga ambiri yawo anaing'amba n'kufolera makhitchini kapena kuyanikapo mphale. Ine ndinaichapa n'kuipinda, sindikudziwa chifukwa chake. A Frackson anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako anati mapepala a paboda atenga milungu itatu, ndipo ndisadzawanenere iwo tikakagwidwa ndi njala.

Nkhani inafala msanga, ngati mmene zimakhalira kwathu. Kumjigo ankati Lydia wazungulira mutu. Ena ankati ndapeza mwamuna wa ku Mozambiki. Mayi wina wa m'gulu lathu la kutchalitchi anandikokera pambali n'kundifunsa mwachifundo kuti munthu amene anagona mu tenti mokakamizidwa angakagonemonso bwanji mwadala. Ndinamuuza kuti n'chifukwa chake. Ulendo uno ndikaikhoma pamene ndafuna ine, ndipo ndikaizula tsiku limene ndafuna ine.

M'mawa wonyamuka, tikumangirira tenti ndi zitsulo zake pamwamba pa galimoto, ndinaona munthu akubwera m'njira ya kumunda atasenza mphasa, kachikwama kali m'khwapa. Anali apongozi anga. Chitsirizire kulankhulana bwinobwino inali nthawi ya kukampu.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Kwagwanji?"

"Ndadzuka. Ndikhala pati?"

Ndinayang'ana Tawina. Iye anayang'ana matayala. Kenako ndinayang'ana a Frackson, iwo n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale. Zinadziwika kuti awiriwa anawakonzera agogowo mapepala mwakabisira.

"Amayi, ulendowu ndi wautali. Msana wanu uja."

"Msana ndi wanga. Mwana amene mukukamufunayo ndi wanganso. Inu munamupeza ali ndi ndevu."

Anakhala kutsogolo, mpoto wa nyemba za kalongonda uli pamiyendo. Ine ndinakhala kumbuyo ndi Tawina, mbaula ndi thumba la ufa zili kumapazi. Ndinkaganiza kuti atumidwa ndi achimwene awo, a Kalinde, kuti akandinyengerere panjira, ndipo ndinakonzekeratu mayankho anga onse.

Koma sananene kanthu. Tinadutsa minda ya tiyi ya ku Mulanje akuyang'ana kunja. Pa Muloza, a Frackson akuthamanga ndi mapepala kuchoka pawindo ili kupita pawindo ilo, foni yanga inalira. Anali a Kalinde, akufunsa ngati n'zoona kuti ndaba achemwali awo. Ndinati sindinabe munthu, anakwera okha, ndipo ngati akufuna alankhule nawo. Apongozi anapukusa mutu osatembenuka. Titangowoloka mlatho netiweki inatha, ndipo palibe amene anadandaula.

Kupitirira Milange dziko linayamba kutambalala, midzi ikutalikirana, chinangwa chili mbali zonse. Pamalo pena tinaima kuti tigule nthochi zodya, ndipo amayi ogulitsawo sankamva Chinyanja, ife Chipwitikizi sitichidziwa kupatula mawu atatu a a Frackson. Apongozi anatsitsa galasi n'kulankhula Chilomwe. Ine Chilomwe ndimangotola apa ndi apo, koma iwo anachiyamwa kwa agogo awo amene anachokera mbali zomwezi kalekale akuthawa thangata la Apwitikizi. Amayi aja anaunjikana pawindo, kuseka, kuwagwira manja, wina kuwafunsa za mtundu wawo. Zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo akulankhula mofulumira chotero. Nthochi zija tinapatsidwa zambiri kuposa zimene tinafuna, ndipo Tawina anandipatsa imodzi akundiyang'ana ndi diso la m'mbali. Ndinadya.

Dzuwa litapendeka tinaima pamudzi wina tisanafike ku Mocuba, pafupi ndi katchalitchi ndi sukulu ya makalasi awiri. Apongozi anakapempha malo kwa mphunzitsi wamkulu. A Frackson anatsitsa tenti n'kuyamba kusokoneza zitsulo, chachitali kuchilumikiza ndi chachifupi. Tinawachotsapo. Ine ndi Tawina tenti imeneyi timaidziwa ngati khitchini yathu: chitsulo chopindika chimapita kumbuyo kumanzere, chingwe chofupika chimafuna chikhomo chapafupi, pakona pamene panang'ambika pamayang'ana kosachokera mphepo. Madzi a tiyi asanawire inali itaima.

Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, osaseka, manja kumbuyo. Mayi wina wachikulire anagwira zilembo zabuluu zija n'kufunsa kanthu motsitsa mawu.

"Akufunsa kuti madzi asefukiranso kuti," anamasulira apongozi. "Akuti naonso anagonapo mu yotereyi chaka chomwe chija."

"Auzeni kuti sanasefukire. Tili paulendo."

Apongozi anawauza, ndipo ndinamva dzina la Gregorio pakati pa mawu awo. Mayi uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako mphunzitsi anabwera ndi makiyi, akuti alendo otere sangagone panja, atitsegulira kalasi. Ndinathokoza n'kukana. M'kalasi ndinagonamo milungu itatu matenti asanabwere, anthu makumi asanu ndi limodzi m'chipinda chimodzi, makanda akulira, aliyense akudikira dzina la munthu wake. Sindidzagonanso m'kalasi ngakhale atayalamo matiresi. A Frackson, amene ankayembekezera denga, anapumira m'mwamba n'kupita kukatsitsa mpando wa galimoto.

Tinafika tsiku lachiwiri masana. Quelimane tinangomudutsa, njinga zili mbwee ngati pa Mbombwe tsiku la msika, n'kutenga msewu wopita ku Zalala pakati pa mitengo ya kokonati. Ndinaimva nyanjayo ndisanaione. Phokoso lake linali lofanana ndi lija la phiri m'mawa uja, ndipo Tawina anandigwira dzanja. Titatuluka m'mitengo, a Frackson anazimitsa injini.

Ndinkayembekezera madzi ambiri, koma osati otero. Kunalibe tsidya. Madziwo anali kutali ndithu, kutsogolo kwake kuli mchenga wonyowa wotambalala ngati mabwalo a mpira angapo, ndipo chakumanja asodzi ankakoka khoka akuimba. Ndinatsika, ndinamanga chitenje, ndinati tenti tiikhoma pamchengapo, poyang'anana ndi madzi.

"Bwanji m'mitengomu, achemwali? Muli mthunzi."

"Sindinabwere kudzaona mitengo."

Tinainyamula mpaka pakati pa mchengawo. Zikhomo sizinkagwira, tinachita kukwirira zingwe zomangirira ku timitengo. Tikumaliza, mmodzi wa asodzi aja anabwera. Anatipatsa moni m'Chinyanja, poti anaona nambala ya galimoto. Dzina lake anati ndi Nasibu, wobadwira ku Milange, ndipo wakhala kunyanjako zaka khumi.

"Mayi, apa simungagone. Madziwa akubwera."

"Akubwera kuchokera kuti? Kumwambaku kulibe ndi kamtambo komwe."

"Sadikira mvula. Amapita n'kubwerera kawiri pa tsiku. Dzuwa likamafika apo, pamene mwaimapa pakhala madzi ofika m'chiuno."

Ndinaganiza kuti akufuna atilipiritse malo ena. Kwathu madzi amadzaza mvula ikagwa, ndipo amaphwa chilimwe. Zoti madzi angabwere okha dzuwa likuswa mtengo sindinazimvepo. Tawina anati anaphunzira zimenezo kusukulu koma ankaganiza kuti amangosuntha pang'ono. Ndinam'funsa msodziyo funso limene ndinadzera.

"Zambezi amathira pati?"

"Zambezi?" Analoza kum'mwera, dzanja lonse. "Kutali, mayi. Ku Chinde. Kagalimoto aka sikangafike, kumafunika boti. Kuno si Zambezi ayi."

Masiku awiri pamsewu, mapepala a milungu itatu, mudzi wonse ukundiseka, ndipo ndafika pakhomo polakwika. Tawina anayamba kupepesa, akuti pamapu pankaoneka pafupi. Ndinapita kukakhala pakhomo pa tenti, miyendo kutsogolo, nkhope kunyanja.

Msodzi uja sananame. Mchenga wonyowa uja unayamba kuchepa. Funde lililonse linkafika patsogolo pang'ono kuposa linzake, n'kubwerera, ngati galu amene akuyesa ngati mwini nyumba ali ndi ndodo. A Frackson anatulutsa mphasa, ufa ndi mbaula kupita nazo kumitengo, kenako anabwera kudzamasula zingwe.

"Zisiyeni."

"Achemwali, mwamva zimene wanena munthu uja."

"Ndamva. Madzi ndinawathawa kamodzi, ndipo mukudziwa zimene ndinapindula. Lero sindisuntha."

Funde loyamba kundikhudza linali lofunda. Linanyowetsa zidendene n'kubwerera. Ndinayamba kulankhula, osakuwa, monga ndimalankhulira ndi munthu amene wandilakwira ndipo akudziwa. Nyanjayo ndinaiuza kuti ndine Lydia wa ku Mauwa, ndabwera ndekha poti iyo inabwera kwathu osaitanidwa. Ndinaiuza kuti nsomba ili nazo, mchere ili nawo, munthu wa kabaza wa bondo lachipsera inkamufuniranji. Kenako sindikudziwa kuti zinatembenuka nthawi yanji, ndinapezeka ndikukalipira a Gregorio. Ndinawauza kuti mbuzi zawo tsopano zilipo khumi ndi imodzi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inafunsapo za iwo. Ndinawauza kuti ndinawagwira malaya ndipo anandichotsa dzanja. Kuti nyumba ndinamanga ndekha, kuti mwana wawo wakhoza mayeso, kuti anandinamiza kuti abwera pompano. Ndinali ndi mkwiyo umene sindinauuzepo munthu, ngakhale kolapa.

Madzi analowa mu tenti n'kutulukira kumbuyo. Tawina anali atandigwira bulauzi paphewa, akukoka, akulira. Ndipo pambali panga panakhala munthu, pang'onopang'ono, akubuula ndi msana. Apongozi anatambasula miyendo m'madzimo ngati akhala pamphasa.

"Amayi, dzukani. Munyowa."

"Mukadzuka inu."

"Izi ndi zanga."

"Mwayambanso." Anapukuta mchere kumaso ndi nsonga ya mpango. "Amake Tawina, inu mumaganiza kuti ndine wopusa?"

Ndinatembenuka kuwayang'ana, iwo n'kupitiriza.

"Nthochi ija ndinadula ndine. Ya kuseri kwa nyumba yanga, imene anabzala yekha. Ndinaikulunga ndi chitenje changa. Mukuganiza kuti sindidziwa chimene chili m'dzenje muja? Ndinam'bereka ine, kulemera kwake ndikukudziwa."

Funde lina linatifika m'chiuno, tenti n'kupendekera kumbuyo. A Frackson ndi msodzi uja anaima chapafupi, madzi ali m'mawondo, osadziwa woyamba kumunyamula.

"Ndinabwera kuti ndione ngati kuno kuli poti munthu n'kuloza kuti mwana wanga ali apa. Ndaona. Ndi uku, ndi uko, ndi konseko." Apongozi anayendetsa dzanja kuchokera kumene kunali asodzi mpaka kum'mwera. "Mwezi wa Novembala anzanga amatenga matsache kupita kukasesa pamene pagona ana awo, ansembe n'kudzawaza madzi odalitsa. Chaka chatha ndinasesa pa nthochi, ndikudziwa kuti ndi nthochi. Mukandilanda pamenepo, ndizikasesa pati? Apa?"

Mayankho onse amene ndinakonza kuchokera kunyumba analipo, koma panalibe limodzi la funso limeneli. Ndinali ndisanaganizepo kuti amayiwa akudziwa. Ndinkawaona ngati anyengedwa, ndipo ine ndekha ndiye ndatsala ndi maso. Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira, koyamba chichokere a Gregorio, kulira kwenikweni kotsegula pakamwa. Iwo sanandigwire kapena kunditonthoza. Anangokhala pomwepo mpaka funde lina linawagwetsera chagada, ndipo ndinadzuka ndine kuwadzutsa.

Tenti tinaikoka anthu asanu, yolemera ndi madzi ndi mchenga, chitsulo chimodzi chitapita. Tinaiyanika pamitengo, n'kuikhoma mopendama chakumtunda, ndipo tinagonamo masiku awiri, poti ndinati sindichoka tsiku limene nyanja yafuna. Nasibu anatigulitsa nsomba zimene sitinadziwe maina ake. Apongozi anadwala chimfine ndipo anandiimba mlandu uliwonse umene anaukumbukira. M'mawa wa tsiku lachitatu, tisananyamuke, ndinang'amba pepala m'kope la Tawina, ndinalemba mizere itatu, n'kuwawerengera apongozi. Anamvetsera maso ali kunyanja, kenako anati ndiwerengenso.

Pobwerera sitinayambe kwathu. Ndinauza a Frackson kuti atitsitse kwa a Kalinde, fumbi lili m'tsitsi, tenti ili padenga la galimoto. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango ndi mmisiri wa ziliza, mnyamata wamkulu ndithu wochokera ku Limbe, atayala mwala wakuda pamatumba. Anali atalemba kale ndi choko mawu oti agobe: PANO PAGONA GREGORIO, ndi masiku ake.

A Kalinde anayamba ndi achemwali awo. "Mwabwerako? Munthu wamkulu ngati inu kumakagona m'matenti."

"Ndabwerako," anatero apongozi, n'kukhala pampando wa a Kalinde omwewo.

Ndinagwada monga mwa ulemu, ndinapereka moni, kenako ndinati, "Amalume, pa Seputembala ndibwera, ine ndi Tawina. Ndidzaphika, ndidzaimba, ndidzagwada."

Nkhope yawo inamasuka. "Mwaganiza bwino. Nyanja yakuphunzitsani."

"Koma mawu awo afufutidwe. Pamenepo sipanagone munthu."

Ndinapereka pepala lija kwa mmisiri. Analiwerenga chamumtima, n'kuyang'ana a Kalinde, ndipo iwo anati awerenge mokweza.

"Gregorio, mwana wa Margret, bambo a Tawina. Anapita ndi madzi mu Malichi 2023. Sanapezeke."

"Ayi," anatero a Kalinde. "Chiliza chotero munachiona kuti? Aliyense wodutsa azidziwa kuti m'mandamo mulibe munthu? Mwambo uja timachitira kuti nkhani itsekedwe, inu mukufuna muitsegule pamwala, mpaka zidzukulu zidzawerenge."

"Zidzawerenge zoona."

"Ndiye kuti simunasinthe. Ndinanena kale, mukakana ubale watha."

"Sindinakane, amalume. Ndati ndibwera. Koma sindingagwade pa bodza, mwana wanga akuona."

A Kalinde anatembenukira kwa mmisiri. "Goba zimene ndinakuuza."

Mmisiriyo anatola tchizulo, koma sanayambe. Apongozi anali atadzuka. Anayenda mpaka pamwalapo akugwira msana, anamasula mpango wa kumutu, umene unali ukadali ndi mchere, n'kuwerama. Anafufuta choko chija chilembo chimodzichimodzi, osafulumira, mpaka mwala unatsala wakuda bii.

"Achimwene," anatero osawayang'ana, "inu mudzabwera tsiku lovundukula, mudzalankhula, mudzadya, mudzapita. Wosesa pamenepa ndine. Ndikufuna ndizisesa poti sakundinamiza."

A Kalinde anayang'ana ine, anayang'ana Tawina amene anaima pambali pa agogo ake, kenako anatenga chipewa chawo n'kulowa m'nyumba. Sananene kuti inde, ndipo mpaka lero sananenepo.

Mmisiri anadikira pang'ono ngati a Kalinde angatulukenso. Ataona kuti chitseko chatsekedwa, anafunsa ngati liwu lomalizalo, loti Sanapezeke, alilembe laling'ono, pansi, kuti lisamaonekere patali.

"Likhale lofanana ndi dzina," ndinatero.

Anatenga choko n'kuyamba kuyeza.